Olemba ntchito atiuze ngati CV ikuyamba yadutsa m'makina

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa zidziwitso za mipata ya ntchito zimene zikutuluka m'nyuzipepala masiku ano. Kale chidziwitso chotere chinkathera ndi keyala, Private Bag yakutiyakuti, Lilongwe 3, ndipo munthu ankadziwa kuti envulopu yake ikatsegulidwa ndi manja a munthu mnzake. Lero mabungwe ambiri akunja, mabanki ndi makampani akuluakulu akumangoika link ya pa intaneti, n'kuwonjezera kuti adzayankha okhawo amene asankhidwa. Chimene sakunena n'chakuti kuseri kwa link imeneyo nthawi zambiri kumakhala pulogalamu ya kompyuta imene imalandira, kuwerenga ndi kusanja makalatawo munthu asanawaone. Dzina lake ndi applicant tracking system, mwachidule ATS. Kusawauza ofunsira ntchito za chinthu chimenechi n'kuwalakwira, ndipo amene akulakwiridwa kwambiri ndi ana a anthu osauka.

Ine ndine mayi wa ku Matawale. Kutayipa ndinaphunzira pa makina akale aja a riboni, ndinagwirako ntchito ya usekilitale, ndipo pano ndili ndi kashopu kotayipa, kupulinta ndi fotokope kufupi ndi msika waukulu wa Zomba. Amene amandidyetsa ndi ofuna ntchito: omaliza maphunziro ku University of Malawi, imene tonse kuno timangoti Chanco, aphunzitsi ochokera ku Domasi, anamwino a ku St. Luke's ku Malosa, anyamata a ntchito zamanja a ku Nasawa. Ambiri alibe laputopu, choncho ndimakhala nawo pambali akamadzaza mafomu a pa intanetiwa. Mayina a mapulogalamuwa ngati Workday, Taleo ya kampani ya Oracle, SuccessFactors ya SAP, kapena Inspira imene amagwiritsa ntchito ku United Nations, ndinawadziwira pamenepo, poyang'ana pamwamba pa tsamba pamene mwana wa eni akutuluka thukuta ndi funso limene sakudziwa kuti aliyankhe bwanji.

Mmene chinthuchi chimagwirira ntchito si za matsenga ayi. Munthu akatumiza CV, pulogalamuyo imaiphwanya m'zigawo. Imatola dzina n'kuliika m'bokosi la dzina, nambala ya foni m'bokosi lake, kenako sukulu, malo amene anagwirako ntchito, mwezi woyambira ndi wosiyira. Ikatero imatha kuwonkhetsa kuti munthuyu wagwira ntchito zaka zingati. Bwana woona za antchito akatsegula kompyuta yake, choyamba kuona si pepala lokongola lija. Amaona mndandanda wa mayina, mwina mazanamazana. Ndiye amalemba mawu amene akufuna, tinene kuti mayina a mapulogalamu a pa kompyuta ngati Stata kapena QuickBooks, n'kuuza pulogalamuyo kuti imuonetse okhawo amene mawuwo akupezeka mu CV zawo. Amene sanatuluke pa mndandanda wachiwiriwu palibe munthu amene wawakana. Sanaonedwe basi, ndipo sadzadziwa kuti sanaonedwe.

Tsono taonani mmene ana athu amakonzera mapepala awo. Wina amapulinta CV, n'kusainira, n'kuijambula ndi foni pa CamScanner pamodzi ndi masatifiketi onse odindidwa kwa majisitireti, n'kutumiza ngati fayilo imodzi. Akuchita zimene tinawaphunzitsa ife makolo awo, kuti chikalata chaulemu chimakhala ndi siginecha ndi chidindo. Koma kwa mapulogalamu ambiri oterewa fayilo imeneyo ndi chithunzi chabe, mawu mulibemo. Wina amapita pa Canva n'kusankha CV ya mizere iwiri yotsika, nkhope yake m'kabwalo pakona, luso lake la Excel n'kulisonyeza ndi tinyenyezi tinayi. Maso a munthu amakondwa nazo. Pulogalamu ina imawerenga modutsa kuchokera kumanzere kupita kumanja, n'kusakaniza dzina la sukulu ndi dzina la abusa amene wawaika ngati omuchitira umboni. Nambala ya foni akaiika pa kamutu kapamwamba penipeni pa tsamba, nthawi zina imasowa kumene. Mwanayo amapita kunyumba akuganiza kuti wachita zonse bwino.

Pali zina zimene ngakhale mwana wochenjera chotani sangazikonze, chifukwa mafomuwa anapangidwira anthu a kwina. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa. Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, ndipo Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina lakale lija la University of Malawi. Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR. Ndiye munthu amene anamaliza ku Polytechnic mu 2018 satifiketi yake ikuti University of Malawi, pamene sukulu imene anaphunzirayo lero ili ndi dzina lina. Fomu ikumuuza kuti asankhe sukulu pa mndandanda wokonzeratu, ndipo kawirikawiri pa mndandandapo pamapezeka dzina limodzi la ku Malawi kapena osapezekapo n'komwe. Makoleji ang'onoang'ono ndiye musanene. Amasankha kabokosi ka "zina", osadziwa kuti kabokosi kameneko kamuika gulu liti. Fomu ikufuna GPA, nambala yosonyeza mmene munthu anakhozera pa maphunziro ake onse, pamene digiri yake ya zaka za m'mbuyomu inangolembedwa kuti wakhoza ndi credit kapena distinction. MSCE palibepo. Ikufuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba kwa mtsikana wa ku Chikanda amene makalata ake amadzera pa bokosi la mpingo. Ndaonapo fomu ikukana dzina la Ng'oma chifukwa cha kachizindikiro kali pakatiko, mpaka mwini dzina kulilemba molakwika kuti adutse, kenako n'kumada nkhawa kuti silikufanana ndi la pa chitupa chake cha unzika.

Ndipo zonsezi zimadya ndalama. Fomu imodzi imatha kutenga maola, chifukwa ukatumiza CV imakuuzanso kuti ulembe zomwezo m'mabokosi, chimodzichimodzi. Netiweki ikagwa kapena magetsi akazima uli pakati, nthawi zina umayambiranso. Mwana wochokera ku Jali, ku Mayaka kapena ku Chingale walipira kabaza ndi minibasi kuti afike m'tauni, wagula bandulo, sanadye nkhomaliro. Mnzake wa m'nyumba ya Wi-Fi akudzaza fomu yomweyo ali pa sofa. Mpikisano usanayambe, wina watsogola kale.

Pamene pamandiwawa kwambiri ndi pa mafunso a eya kapena ayi. Apa ndiye pamene pulogalamu imatha kumuchotsa munthu yokha, ngati eni ake anaitchera choncho. Kodi muli ndi digiri? Kodi mwagwira ntchito imeneyi zaka zisanu? Kodi muli ndi laisensi ya njinga yamoto? Munthu woona mtima amene zaka zake zaperewera ndi miyezi yochepa amayankha kuti ayi, ndipo nkhani yake yathera pomwepo, ngakhale atakhala kuti ntchitoyo amaidziwa kuposa onse. Wabodza amayankha kuti eya n'kudutsa. Bwana wakale wowerenga ndi maso akanaona kuti mayi uyu ali ndi dipuloma yokha, komatu wayendetsa ntchito ya katemera m'midzi kwa zaka zambiri, tiyeni timuitane timumve. Funso la eya kapena ayi silipereka mpata umenewo.

Mtsikana wina amene ndimamutayipira anagwira nawo kalembera wa 2018, uja anayendetsa a National Statistical Office a konkuno ku Zomba, ndipo pambuyo pake anayenda ndi magulu osiyanasiyana a kafukufuku m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Tabuleti amaidziwa bwino, mafunso amatha kufunsa m'Chichewa ndi m'Chiyao, mafumu amadziwa kulankhula nawo. Mu CV yake ankangolemba dzina la udindo limene linali pa kontilakiti, n'kuwonjezera kuti ankatolera mayankho m'makomo. Zidziwitso za ntchito zinkafuna munthu wodziwa mapulogalamu otolera mayankho pa tabuleti monga KoboToolbox, ODK kapena SurveyCTO, ndipo iye anali atagwiritsapo ntchito zonsezi, koma sanazitchule poganiza kuti n'zodziwikiratu kwa aliyense wa ntchito imeneyi. Kwa munthu n'zodziwikiratudi. Pulogalamu imafuna mawuwo aoneke olembedwa. Luso analinalo kuyambira kale, chimene ankasowa ndi munthu womuuza kuti amene akuyamba kuwerenga kalata yake ndani.

Nkhani ina ndi ya mipata ya nthawi imene munthu sanali pa ntchito. Mu 2021 a Harvard Business School mogwirizana ndi kampani ya Accenture anatulutsa kafukufuku amene anachita ku America, Britain ndi Germany. Olemba ntchito 88 mwa 100 alionse anavomera okha kuti anthu aluso oyenera ntchito amatsala panjira chifukwa chosafanana ndendende ndi zimene zinalembedwa pa chidziwitso. Pafupifupi theka la makampaniwo linkachotsa anthu amene CV zawo zikusonyeza kuti anakhala osagwira ntchito kupitirira miyezi isanu ndi umodzi. A Mkonzi, muyezo umenewo ukabwera kuno osasinthidwa, atsala ndani? Ntchito zathu zambiri ndi za mapulojekiti, chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako ndalama zatha. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo la USAID, anthu ambiri a m'mabungwe anapezeka ali pakhomo osalakwa kanthu. Mayi amabereka n'kulera. Mwana wamkazi ndiye amakagona pansi ku chipatala ngati gadiyani wa amayi ake miyezi yathunthu. Ena namondwe wa Freddy atawagwetsera nyumba mu Malichi 2023 anabwerera kumudzi kukathandiza kumanga. Amene anali ku Chanco mu 2011 akukumbukira kuti sukulu inaima miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, ndipo digiri ya zaka zinayi inawatengera nthawi yotalikirapo. Zonsezi munthu wa kuno amazimvetsa osafunsa n'komwe. Pulogalamu imangoona kuti pakati pa deti iyi ndi iyi palibe cholembedwa.

Sindikunena kuti olemba ntchito alibe chifukwa. Ulova wafika poipa, ndipo mpata umodzi umakopa khwimbi la anthu. Tonse tikukumbukira mu Juni 2020 pamene anthu anavulala ku Mzuzu chifukwa chopanikizana pa ma intavyu ongofikira a ntchito za umoyo. Palibe ofesi imene ingawerenge ndi maso makalata zikwizikwi m'sabata imodzi. Komanso njira ya envulopu inali ndi zoipa zake: kalata inkatha kusowa pa tebulo la mesenjala, ina n'kulowa tsiku lotsekera litadutsa chifukwa mwini wake ndi mphwake wa abwana. Pulogalamu imasunga tsiku ndi ola limene kalata yafika, ndipo siyilandira ya fanta. Zimenezo ndi zabwino, ndikuvomera. Koma asatinamize kuti kudziwana kwatha. Amene ali ndi amalume mkati amauzidwa mawu oyenera kulemba ndi mafunso amene amagwetsa anthu. Sefa siyidziboola yokha, alipo amene anasankha kukula kwa mabowo ake, ndipo ameneyo ndi munthu wokhala mu ofesi, wolandira malipiro, woyenera kuyankha akafunsidwa.

Kunja anthu anayamba kale kufunsa. Mu 2018 a Reuters analemba kuti kampani ya Amazon inasiya pulogalamu yake yoyesera yosankhira anthu ntchito itazindikira kuti ikupondereza akazi. Inali itaphunzira kuchokera ku ma CV a zaka khumi amene ambiri anali a amuna, ndiye inayamba kuchotsera mamalikisi CV zimene munali mawu osonyeza kuti mwini wake anali m'gulu la amayi. Mzinda wa New York kuyambira mu 2023 umalamula kuti olemba ntchito amene akugwiritsa ntchito makina otere posankha anthu aziwayesa ngati sakukondera, komanso aziwadziwitsa ofunsira ntchitowo. Maiko a European Union mu lamulo lawo la 2024 anaika mapulogalamu osankha antchito m'gulu la zinthu zofunika kuziyang'anira mwapadera. Ife kuno tili ndi Data Protection Act ya 2024, lamulo loteteza zinsinsi ndi mbiri za anthu, limene woyang'anira wake ndi MACRA. Ana athu akutumiza zitupa za unzika, masiku obadwa, manambala a foni a abusa ndi ahedi awo ku makompyuta amene sitikudziwa kuti ali dziko liti. Ndikufuna kumva a MACRA akunenapo kuti zinthu zimenezi ziyenera kusungidwa nthawi yaitali bwanji ndipo woziona ndani.

Pamene pali mantha pamabweranso ochita malonda. M'magulu a WhatsApp mukuzungulira uthenga wakuti ma CV 75 mwa 100 alionse amatayidwa ndi makina munthu asanawaone, ndipo pansi pake pamakhala nambala ya munthu amene akuti akukonzerani CV yodutsa ATS mukamulipira. Amene amafalitsa kwambiri chiwerengero chimenechi ndi ogulitsa ntchito yokonza ma CV, ndipo cholinga chake n'kukuopsezani kuti mutulutse ndalama. Ena akuphunzitsa ana kuti azikopera chidziwitso chonse cha ntchito n'kuchibisa mu CV ndi zilembo zoyera. Pulogalamu ikaphwanya CV ija mawu obisikawo amatha kuonekera poyera, ndipo bwana akawaona amadziwa kuti wakumana ndi wachinyengo. Enanso akuuza ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalemba zimene waiuza, kuti iwalembere zonse, mpaka anyamata atatu osiyana kundibweretsera makalata a mawu ofanana, onena za luso limene sangathe kulifotokoza atafunsidwa. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda wa oitanidwa ndi wakuba, musamumvere.

Kwa ana anga ofuna ntchito, zimene ndimauza obwera pa shopu panga ndi zaulere ndipo ndi izi. Lembani CV yanu mu Word, mzere umodzi wotsika, popanda matebulo, zithunzi kapena timabokosi. Mitu yake ikhale yodziwika, ya maphunziro, ya ntchito zimene mwagwira, ya luso. Mukafuna PDF isungeni kuchokera mu Word momwemo, musaijambule. Kuti mudziwe ngati ikuwerengeka, tsegulani fayiloyo, koperani mawu onse n'kuwamata mu uthenga wodzilembera nokha. Akatuluka mwadongosolo ndiye kuti zili bwino, akakana kukopeka ndiye kuti mwatumiza chithunzi. Madeti alembeni mofanana paliponse, mwezi ndi chaka. Nambala ya foni iyambe ndi +265, ziro woyamba uja mumuchotse. Werengani chidziwitso cha ntchito modekha, ndipo pamene chatchula chinthu chimene munachitadi, chilembeni ndi mawu omwewo. Mawu achidule ngati M&E alembeninso mokwanira, Monitoring and Evaluation. Sukulu imene inasintha dzina ilembeni mayina onse awiri. Nthawi imene munali pa internship ya boma, imene munkaphunzitsa mongodzipereka pa CDSS ya kwanu, kapena imene munkasunga mabuku a banki m'khonde, ndi ntchito imeneyo, ipatseni madeti ake. Za mudzi, mfumu yaikulu, mpingo ndi zoti muli pabanja, zimene tinazolowera kuika pamwamba, zisiyeni pokhapokha atazifunsa. Ndipo dzikonzereni imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni, muziitsegula kawirikawiri kuphatikizapo kumene kumagwera mauthenga osafunika, chifukwa ena anaitanidwa ku intavyu n'kuona uthengawo tsiku litapita.

Koma katundu yense asasenzedwe ndi ana okha. Olemba ntchito, chiganizo chimodzi pa chidziwitso chanu chingathandize anthu ambiri: nenani kuti makalata adzayamba adutsa m'pulogalamu, nenani mtundu wa fayilo imene imawerengeka, ndipo siyanitsani momveka zinthu zimene popanda izo munthu sangaganiziridwe ndi zimene mungokondwa atakhala nazo. Musanagule kapena kulandira pulogalamu kuchokera ku likulu lanu la kunja, khalani pansi muidzaze nokha ngati kuti ndinu mwana wa MSCE ndi dipuloma ya ku Domasi, pa foni yaing'ono, muone pamene mukakamire. Pa mpata uliwonse munthu atengeko ena mwa makalata amene pulogalamu yawasiya pansi n'kuwawerenga ndi maso, kuti mudziwe amene mukutaya. Ndiponso popeza makinawo amatha kutumiza mauthenga zikwi pa kamphindi, palibenso chifukwa chosiyira munthu akudikira miyezi. Muuzeni kuti sizinatheke, apite kukayesa kwina. Ndaona anyamata akukana kupita kumudzi kukalima chifukwa choopa kuti kumeneko netiweki ndi yovuta, angaphonye foni ya ntchito imene inapatsidwa kale kwa wina.

Makoleji athu nawonso ali ndi mbali yawo. Mwana wakhala zaka zinayi pa Chanco, walemba kafukufuku wa masamba ambirimbiri, koma njira ya kafunsidwe ka ntchito ya masiku ano akudzaimvera kwa mayi wotayipa pa msika. Sabata imodzi m'chaka chomaliza ingakwane kuwaphunzitsa zimenezi, makompyuta ali pomwepo. A ofesi ya zantchito pa boma ndi a TEVETA angachite chimodzimodzi kwa a ntchito zamanja, amene tsopano nawonso akumauzidwa kuti afunsire pa intaneti ngakhale ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo.

Ndipo inu a nyuzipepala, zidziwitsozi zimadutsa m'manja mwanu musanazisindikize. Ndikupempha kuti mutume mtolankhani wanu akafunse mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe akuluakulu kuti ndi angati akugwiritsa ntchito mapulogalamuwa, ndi mafunso ati amene amachotsa munthu pompopompo, ndipo ndani amaunika amene atsala. Mayankhowo muwalembe m'Chichewa, kuti ndidzadule tsambalo ndikalimate pa khoma la shopu yanga pamene ana amaima podikira pulinta.

Ine wanu,
Mayi wotayipa makalata,
Matawale, Zomba